Kuperekeza mwana wa achemwali ku Wits

Lachiwiri, pa Wenela

Anatiuza kuti 7 koloko basi ikhala itanyamuka, pano dzuwa lafika paliwombo ife tikadali pompano kuonerera anyamata akukankhira matumba mu ngolo ya kumbuyo. Ufa, nyemba, usipa, mpunga wa Kilombero, nsinjiro m'mabigiri, wina wabwera ndi makaka thumba lathunthu. Abale athu a ku Joni kudya sakudya eti? Ine changa ndi kachikwama kamodzi, zina zonsezi ndi za mwana wa achemwali amene ndikumuperekeza. Wapeza malo ku University of the Witwatersrand, aliyense amangoti Wits, akukachita masitazi ya za miliri, momwe matenda amafalikira ndi kawerengedwe kake. Mayi ake anakanitsitsa zoti mwana wamkazi akatsike yekha pa Park Station, siteshoni ya mabasi ku Johannesburg, asakudziwako, tikiti ya ndege tinafunsa mtengo n'kungoseka, ndiye mtolo wagwera malume. Ahedi andilola, ana a Fomu 2 ndawasiyira manotsi.

Ine ndimaphunzitsa History ndiye mundipirire, malo ano sindingakhalepo chete. Wenela ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi lomwe linkalemba anthu kuno kuti akakumbe golide. Bambo anga, agogo ake a mtsikanayu, anapita nawo. Ankakwera ndege mpaka Francistown ku Botswana, kuchoka apo sitima. Mu April 1974 ndege yobweza anthu kumudzi inagwa ku Francistown komweko, anthu oposa 70 anathera pomwepo, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Madala nthawi imeneyo anali atabwerako kale ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Lero mdzukulu wawo ali ndi kalata yolembedwa Witwatersrand yemweyo pamwamba. Ndamuuza zimenezi wangoti "amalume mwayambatu" n'kubwezera mahedifoni m'makutu.

Lachiwiri usiku, kupitirira Tete

Mwanza tadutsa bwinobwino, pa Zobue mzere wautali koma woyenda. Anyamata osintha ndalama akuzungulira basi ndi mipukutu m'manja, meticais, rand, dola, amawerenga mothamanga moti ine ndangogwira thumba langa n'kuyang'ana kumbali. Koma kutentha kwa ku Tete abale inu! Kwathu tasiya mvula ya January, kuno mphepo yolowa pawindo ikuwaula kumaso. Tagula buledi wa Chipwitikizi uja wolimba kunja wofewa mkati, ndi nkhuku ya tsabola yoti misozi mbwee. Zambezi tawoloka kukuchita mdima.

Poti tili m'dziko lake ndimutchule Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo. Naye analowapo pa Wits, koma mu 1949 boma la tsankho lomwe linali litangolowa kumene linakana kumuwonjezera chilolezo, anachoka maphunziro ali pakati, anakamalizira ku America. Mtsikana wathuyu chiphaso chake chili mu pasipoti chodindidwa bwinobwino, komabe ndikumufunsa pafupipafupi ngati pasipotiyo ilipo mpaka wayamba kunyansidwa nane.

Msewu wa ku Changara uli bii, adalaivala akuponda ngati akuthawa ngongole. Tulo palibe, ndikungopemphera chamumtima.

Lachitatu, Beitbridge

Zimbabwe ndaiona mwa tulo tulo, Nyamapanda pakati pa usiku, Harare kukucha, Masvingo masana, kenako milambe yokhayokha mpaka kuno. Mabasi ndandanda, katundu yense atsike, aonedwe, akwerenso. Chimbudzi n'cholipira, madzi akumwa n'ogula, miyendo yatupa moti nsapato ndavula. Mayi wina wa geni wa ku Mangochi watiyalira chitenje pa simenti n'kutigawira mazira owiritsa ndi mbatata, ndalama wakana, akuti "mwana wa sukulu salipira."

Podikira pomwepa nkhani ya Wits yakula osaiputa. Abambo ena owotcherera zitsulo ku Germiston atangomva dzinalo anavula chipewa mwanthabwala, "mwana ameneyu ndi mutu, kumene kuja ndi kwa ma injiniya a migodi ndi madokotala." Mayi wa geni uja akuti anachirira ku Bara ndipo ana a ku Wits ovala zoyera ankabwera gulu kumuzungulira pa bedi, mkulu wawo akuwafunsa mafunso iwo akunjenjemera. Bara yo ndi Chris Hani Baragwanath ya ku Soweto, chipatala cha mabedi oposa 3,000, chimodzi mwa zikuluzikulu pa dziko lonse, ndipo ndi kumodzi komwe Wits imaphunzitsira madokotala ake. Mnyamata wina wobwerera ku Cape Town sanafune kugonja, akuti UCT, yunivesite ya ku Cape Town ko, ndiye nambala wani. Sakunama kwenikweni, pa mindandanda yotchuka ija ya mayunivesite a mu Africa nthawi zambiri UCT ndi imene imakhala pamwamba, Wits ndi Stellenbosch n'kumalimbirana pafupi pomwepo. Chandisangalatsa ine n'choti pa anthu onsewa palibe anapondapo m'kalasi ya kumeneko, ena amangodutsa pa geti popita ku maganyu, koma mbiri ya sukuluyi akuidziwa kudzera kwa dokotala amene anawagwira ndi bwana amene amawalipira.

Limpopo tawoloka usiku, sindinaone madzi.

Lachinayi, Johannesburg

Kuchoka Musina msewu ndi galasi, kudutsa pansi pa phiri, Polokwane, Pretoria, ma tollgate motsatizana. Park Station yandiopsa, ndisaname. Anthu piringupiringu, aliyense akufuna kukunyamulira chikwama, nkhani zonse za atsotsi zomwe ndinamvapo zabwera m'mutu nthawi imodzi. Mwana wa mayi wa geni uja, amene anabwera kudzawachingamira, watitenga ngati abale ake, watiuza foni tiike m'kati mwa malaya, watiperekeza mpaka pokwerera n'kulankhula ndi adalaivala m'Chizulu. Mulungu amudalitse mnyamata ameneyu.

Ma minibasi a kuno amati taxi ndipo alibe kondakitala. Ndalama zimayenda kuchokera kumbuyo mpando ndi mpando, amene wakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga n'kubweza chenji. Ine mlendo anandiika kutsogolo chifukwa cha miyendo, ndangoona ma rand akundithira m'manja anthu akutchula manambala m'zilankhulo zitatu kkkk. Agogo ena kumbuyo kwanga aona kuti thukuta layamba, alanda ndalamazo n'kugawa chenji chonse mosayang'ana n'komwe.

Tafikira ku Brixton kwa mkulu wina wa ku mpingo kwathu, ndi telala. Nsima ya ufa wa m'sitolo, yoyera mbee koma yosakhalitsa m'mimba. Ndagona osasamba.

Lachisanu, pa kampasi

Geti la ku Braamfontein sulowa chilowelowe, ophunzira ali ndi makhadi, ife alendo kulembetsa kwa alonda. Ukalowa phokoso la tauni limatsalira kumbuyo, kapinga wometedwa bwino, kenako masitepe ndi zipilala za Great Hall zija mumaziona pa zithunzi za graduation. Ndakhala pa masitepewo kudikira mtsikana ali pa mzere wa ophunzira ochokera kunja. Mzerewo ndi Africa yense, a ku Zimbabwe, Lesotho, Congo, Nigeria, aliyense wakumbatira fayilo. Chofunika ndi pasipoti, visa ya maphunziro, medical aid ya konkuno, pepala la SAQA lotsimikiza kuti digiri ya kwanu ndi digiridi, komanso umboni woti gawo lalikulu la fizi walipiriratu. Mwayi wathu ndi woti a m'maiko a SADC amalipira fizi ya eni dziko n'kuwonjezerapo ina ya alendo. Komabe ukaitembenuza mu kwacha mutu umazungulira, pakanapanda thandizo lomwe anapeza bwenzi tili kunyumba.

Sukuluyi kholo lake ndi mgodi. Inayamba mu 1896 ku Kimberley kwa madayamondi, dzina lake South African School of Mines. Golide anali atapezeka kuno mu 1886, ndalama zonse zinasamukira ku Johannesburg, nayo sukulu inatsatira mu 1904. Inasintha maina kangapo mpaka mu 1922 pomwe inakhala yunivesite yoima payokha pa malo a Milner Park omwe khonsolo ya mzinda inapereka. Mu 1931 moto unatentha nyumba yaikuluyi ndi mabuku a mu laibulale, anayambanso kutolera. Pano ophunzira ali cha m'ma 40,000, magawo akuluakulu asanu, za umoyo, za sayansi, za uinjiniya ndi zomangamanga, za malonda ndi malamulo, ndi za chikhalidwe cha anthu. Msewu waukulu wa M1 unadula kampasi pakati, umawoloka pamwamba magalimoto akulira pansi pako, mbali ya kuzambweyo kale inali bwalo la chionetsero cha Rand Show, yunivesite inatenga mu 1984.

Dzina la Mandela lili paliponse, koma nkhani yake pano si yokoma monga amaikambira. Analowa mu 1943 kuphunzira malamulo, munthu wakuda yekhayo m'kalasi mwake, anavutika nazo zaka zingapo ndipo digiri sanaitenge. Digiri ya malamuloyo, LLB, anadzaipeza ku UNISA, yunivesite yophunzitsa anthu ali kutali, mu 1989 akadali m'ndende, Wits inadzamupatsa ya ulemu mu 1991. Chimene anatola pano ndi anzake olimbana ndi tsankho, Joe Slovo, Ruth First, George Bizos. Wits imanyadira kuti inali yunivesite yotsekukira mitundu yonse ndipo inatsutsa lamulo la 1959 lomwe linaletsa anthu akuda kulowa m'mayunivesite a azungu popanda chilolezo cha nduna. N'zoona anatsutsa, aphunzitsi ndi ophunzira anayenda m'misewu. Koma ngakhale lamulolo lisanabwere chitsekocho chinali chongotsekula pang'ono, akuda anali ochepa, ku masewera ndi ku madansi sankaloledwa, ndipo a udokotala ankatulutsidwa akamang'amba mtembo wa mzungu. Anthu ngati Mary Malahlela, mayi wakuda woyamba kukhala dokotala m'dziko lino mu 1947, anadutsa m'zimenezo. Robert Sobukwe ankaphunzitsa zilankhulo pompano mpaka 1960 pomwe anatsogolera zokana mapasi n'kumangidwa. David Webster, mphunzitsi wa pano wotsutsa tsankho, anamuwombera pakhomo pake pa 1 May 1989. Ndiye ulemu ndikuupereka, koma kwa anthu amenewa kaye, zipilalazi pambuyo.

Nkhomaliro tadya kota, kotala ya buledi yobooledwa pakati n'kuthiramo chipisi, polony, tchizi ndi atchar. Ma rand 30 ndi chenji pang'ono. Mtsikana wamaliza yake, ine theka ndakulunga.

Loweruka, Origins Centre

Lero linali langa. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba Australopithecus, dzina la makolo akalekale a munthu, pa bolodi ana n'kumaseka katchulidwe, osadziwa kuti tsiku lina ndidzaima pa sukulu pomwe dzinalo linabadwira. Mu 1924 anthu ophwanya miyala ya laimu ku Taung anafukula kachigaza ka mwana, kanafika m'bokosi kwa Raymond Dart amene ankaphunzitsa za thupi la munthu pa Wits. Iye anaona kuti bowo lolumikiza mutu ndi msana lili pansi, kusonyeza kuti kanthuka kankayenda chilili, ndipo mu 1925 analengeza kuti chiyambi cha munthu chili mu Africa. Akatswiri a ku Ulaya anamunyoza, amvekere ndi nyani chabe, mpaka Robert Broom atafukula zina ku Sterkfontein m'pamene anayamba kugonja. Kuchokera apo mzere sunaduke, Phillip Tobias, kenako Ron Clarke ndi mafupa a Little Foot, kenako Lee Berger amene mwana wake wa zaka 9 anatola fupa loyamba la Australopithecus sediba mu 2008. Za Homo naledi, mtundu winanso wa anthu akalekale, ndiye zandizizira m'mimba, mafupa anali m'phanga la Rising Star kolowera kwake mpata wa masentimita 18 okha, mu 2013 anachita kufuna asayansi oonda, analowa azimayi 6. Ine ndi mimba yangayi bwenzi ndikungolandira malipoti panja.

Chigaza cha ku Taung chenichenicho amachitsekera m'chipinda chotetezedwa, amaona ndi ofufuza. Mu Origins Centre, nyumba yoonetsera zakale ya pa Wits yomwe Thabo Mbeki anatsegula mu 2006, zambiri ndi zida za miyala ndi zojambula za Asan, anthu akale a dera lino, pa matanthwe. Ndaima nthawi yaitali pa mwala wina wojambulidwa ntchefu, utoto wofiirira, miyendo yoonda bwino, khosi lolendewera, wojambulayo nyamayi ankaidziwa ndithu. Ndakumbuka zathu za ku Chongoni zomwe ana anga ambiri sanazionepo ngakhale zili pa Dedza pompa. Ndipo pa nkhani yonse ya Taung timaloweza dzina la pulofesa, anthu amene ankaswa miyala ija ayi.

Potuluka kumwamba kwada mwadzidzidzi, ziphaliwali zake za kuno si zamasewera, tabisala pa khonde ndi mlonda wina wa ku Limpopo amene watipatsa tiyi wa mu fulasiki yake, kapu imodzi kumapatsirana. Mphenzi zomwezi ndi zimene Basil Schonland ankafufuza pa Wits m'ma 1930, ndipo gulu lake ndi lomwe linapanga radar yoyamba ya South Africa mu 1939.

Lamulungu, kusaka chipinda

Tapemphera ndi a Malawi anzathu m'holo ina ya lendi, nyimbo za kwathu, kenako ulendo wosaka pogona. Apa ndiye mbiri yabwino ya sukulu siithandiza kanthu. Malo a m'kati ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, nyumba zazitali za ku Braamfontein zodzaza ana a sukulu mitengo yake ndi ya malipiro anga a mwezi kuwirikiza. Kwina tapeza kachipinda kogawa ndi bolodi, windo kulibe, mwini wake akufuna dipoziti lero lomwe. Kwina kwabwino koma kutali, ndipo mtsikana kuyenda madzulo ine ayi. Miyendo ikuwawa, mtima ukuwawa, achemwali akuimba foni kufunsa ngati tapeza.

Watipulumutsa ndi mtsikana wa ku Bulawayo amene tinakumana naye pa mzere Lachisanu, akuchita PhD, mnzake wogona naye wamaliza ndiye bedi lilipo. Tili kwake kumwa tiyi watifotokozera za Fees Must Fall mmene amaikambira ophunzira okhaokha. Inayambira pa Wits pompa mu October 2015 atalengeza kuti fizi ikwera ndi 10.5 peresenti, ana anatseka mageti, anakhala pansi mu Senate House ndi mkulu wa yunivesite wa nthawiyo Adam Habib, moto unafalikira dziko lonse mpaka Jacob Zuma analengeza kuti 2016 fizi sikwera. Nyumba ija pano ndi Solomon Mahlangu House. Akuti mpaka lero chaka chikamayamba nkhani imakhala yomweyo, ngongole zakale ndi pogona. Ine monga mphunzitsi wa ku sekondale ya boma ndamvetsa msanga, mwana wanzeru wopanda ndalama ndimamuona tsiku lililonse. Lamulo la 1959 linapita, koma pa geti pakadali sefa, pano ndi ya m'thumba.

Watiuzanso za jacaranda, akuti mitengoyi ikachita maluwa mu October iwe usanayambe kuwerenga ndiye kuti mayeso wagwa kale.

Lolemba, West Campus

Mtsikana wapita ku Parktown komwe kuli sukulu ya za umoyo kukaonana ndi omuyang'anira pa kafukufuku, ine ndatsala ndikuzungulira. Ku mbali imeneyo ndi kumene mbiri ya Wits ya masiku ano yagona kwambiri, HIV, TB, katemera. Mu June 2020 kuyesa koyamba kwa katemera wa Covid mu Africa kunatsogoleredwa ndi Shabir Madhi wa pompano. Pa za Nobel amawerenga anayi, Aaron Klug wa chemistry mu 1982, Nadine Gordimer mu 1991 ngakhale anangokhalapo chaka chimodzi, Mandela mu 1993, ndi Sydney Brenner wa zamankhwala mu 2002. Klug ndi Brenner ntchito yomwe inawapatsa mphothoyo anakaigwirira ku England, apa mudziweruzire nokha. Mkulu wa yunivesite pano ndi Zeblon Vilakazi, katswiri wa nuclear physics wokulira ku Katlehong, analowa mu 2021.

Ndinafunitsitsa kuona nyumba ya Chamber of Mines komwe amaphunzitsa za migodi. Mnyamata wina wa chaka chachitatu, chipewa cholimba chili m'manja, anandiona ndikusuzumira n'kundifunsa ngati ndasochera. Nditamuuza za madala anakhala nane pa benchi, akuti pansi pa nyumbayi anamanga mgodi woyerekeza, ngalande yake ndi zida zoyezera mpweya, fumbi ndi kugwedezeka kwa miyala, kuti ophunzira azolowere asanatsike ku weniweni. Wandionetsa zithunzi pa foni. Akuti agogo akenso anali a m'migodi ochokera ku Eastern Cape, ndipo m'kalasi amaphunzira za silicosis, matenda a fumbi la miyala omwe amaumitsa mapapo pang'onopang'ono. Kunyumba tinkangoti chifuwa cha ku Joni. Anzawo a madala amene anapita nthawi ya Theba, dzina lomwe Wenela inadzatenga pambuyo pake, ena mpaka lero akuyendabe ndi mapepala m'manja kulondola ndalama zawo. Kamuzu naye ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925, mnyamatayo izi samazidziwa, wati akafufuza. Wandigulira kofi wa pa makina, wowawa, ndamwa wonse.

Madzulo mtsikana wabwera nkhope ili ngwee, akuti amuuza kuti manambala a kafukufuku wake atha kukatolera kumudzi, ndiye chaka chamawa mwina tidzamuona ku Blantyre miyezi ingapo. Amupatsanso mulu wa zowerenga woti amalize sabata ino, manyazi alibe anthu amenewa.

Tagula hotipuleti, kapoto, mbale ziwiri ndi loko wa pa chitseko, ndalama yathera pomwepo, yanga ya tikiti yobwerera ndaibisa mu sokosi. Bulangete latsala, ndipo atelala akuti kuzizira kwa kuno mu June madzi amaundana pa galasi la galimoto. Inu a ku Joni amene mukuwerenga, bulangete lochindikala lotchipa amagula kuti kufupi ndi Braamfontein? Lembani m'munsimu ndimuuze asanalandire ya mwezi wamawa.